Chitseko Chomwe Cornelio Anapala Katatu

Ku Santry, dera la mumzinda wa Dublin, ndege zimadutsa pafupi ndi madenga, moti mlendo amayamba wawerama, koma eni dera anasiya kale kuzimva. M'kanyumba kena ka m'mwamba, pa mdadada woyang'ana msewu wa ku bwalo la ndege, Cornelio Chadza ankadzukabe nthawi yomwe ankadzukira akadali pa ntchito. Ankayala nyuzipepala yakale patebulo, n'kutulutsa matchizulo ake m'thumba lachikopa, n'kuyamba kuwanola limodzilimodzi. Anali akuthwa kale. Koma manja amene azolowera ntchito, ukawalanda ntchitoyo amayabwa.

Cornelio anali kalipentala, ndipo sanali kalipentala wamba. Ntchitoyi anaiphunzira kwawo ku Bembeke, kwa abulazala a ku mishoni, amene ankati chitseko chabwino chimatsekeka ndi chala chimodzi. Anafika ku Dublin nthawi imene nyumba zinkamera ngati bowa mvula itagwa, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi anakhoma zitseko ndi masitepe m'nyumba zosawerengeka. Kenaka, chakumapeto kwa 2008, chuma cha dzikolo chinagwa chagada. Makireni okwezera katundu pomanga anaima ali chiyang'anire kumwamba. Nyumba zinasiyidwa zopanda mawindo, udzu n'kumamera pakhomo. Kampani yomwe ankagwirako inatseka, n'kumupatsa kangachepe kotsanzikira.

Pakhomo panatsala dzanja limodzi, la mkazi wake Annie, amene ankagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba. Tsiku lonse ankawadzutsa, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Joy, anali ku sekondale ku Dedza, akusungidwa ndi achemwali a Annie. Cornelio ndi Annie onse awiri ankaona kuti kanyumba ka ku Santry sakhalamonso nthawi yaitali, koma palibe amene ankafuna kuyamba kunena.

Tsiku lina la mu Januwale Cornelio anabwera kuchokera koyenda nkhope ili ngwee, kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu.

"Mayi a Joy, nyumba ndaipeza," anatero asanavule n'komwe jekete. "Yathuyathu, yopanda landilodi."

"Ili kuti?"

"Ku Malahide. Pamadzi."

Anafotokoza kuti anthu olemera, amene kale ankasewera ndi maboti a matanga Loweruka ndi Lamlungu, tsopano ankawataya pa mtengo wozizira. Iye adzagula limodzi ndi kangachepe kaja, n'kulikonza ndi manja ake kuti likhale nyumba. Adzayamba akhala padoko, Annie n'kumapita kuntchito pa basi. Akadzalizolowera, adzatsetsereka nalo pang'onopang'ono mpaka ku Portugal, kumene kuli dzuwa, kumenenso maboti amafuna akalipentala chaka chonse.

Annie anamuyang'ana nthawi yaitali. "Abambo a Joy, inu a ku Bembeke, madzi amene mumawadziwa ndi a mu Linthipe. Ndipo Linthipeyo mumawoloka pa mlatho."

"Thabwa ndi thabwa, likhale pamtunda likhale pamadzi."

"Chabwino. Koma tisagule kanthu a Manfred asanaone."

A Manfred anali bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wochokera ku Likoma. Anakulira m'maboti a matanga, nagwira ntchito zaka makumi awiri kokonzera sitima ku Monkey Bay, ndipo tsopano ankagwira pa bwalo lina lokonzera maboti ku Malahide komweko. Anali munthu wa mawu ochepa, woyankhula ngati akuwerenga mbewu yobzala.

Pabwalopo panali maboti awiri amene Cornelio akanakwanitsa kugula, onse atakwezedwa pamtunda pa miyendo yachitsulo. A Manfred anawazungulira ndi kahamala kakang'ono, akugogoda apa ndi apo, khutu lili pafupi, monga amachitira munthu wosankha dzungu. Loyamba linali lakale, lopapatiza, la utoto wosuluka.

"Ili ndi loipa nkhope ngati ine," anatero, "koma ku Portugal likakufikitsani."

Lachiwiri linali loyera, lalikulu mimba, la mawindo aataliatali. Cornelio anali atalowamo kale, akuyeza m'kati ndi tepi.

"Nanga ili, akulu?"

"Si loipa. Koma analipanga kuti anthu azikapitidwa mphepo m'mawa, madzulo n'kubwerako. Ndi lopepuka, ndipo chilichonse chili m'menemo chikugwira chinzake. Ngati mtima wagwa pamenepo, tengani. Chokhacho, musachotsemo kanthu musanandifunse."

"Zimenezo ndadziwa kale," anatero Cornelio, maso ali pa tepi.

Anatenga loyeralo. Chimene chinamukoka sichinali utoto ayi. Cornelio anali wapampando wa mphakati wa Akatolika a ku Malawi okhala kumpoto kwa mzinda, amene ankasonkhana m'makomo mosinthana Lamlungu lililonse masana. Ankadziwa kuti nkhani ikangomveka, anthu aziti a Chadza zawavuta, asamukira m'bwato. Choncho ankafuna kuti tsiku lawo lolandira mphakati likadzafika, anthu onse adzalowe, adzakhale pansi, asowe chonena. Kwa iye nyumba imene mlendo amaima chiimire sinali nyumba.

Ntchito anaiyamba kuzizira kudakali m'mafupa. Zambiri zimene anachita zinali zabwino, ndipo tisamuchotsere. Anamata zotchinga kuzizira m'mbali monse. Anaika kambaula kankhuni pakona, n'kukamangirira bwinobwino. Anawonjezera thanki ya madzi pansi pa mpando, pamalo amene a Manfred anamuuza kuti kulemera kukhale m'munsi. Mashelefu anawaikira timipanda kuti mbale zisamagwe boti likapendekeka. A Manfred ankadutsa nthawi yopuma, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumasisita matabwawo ndi chikhatho.

"Dzanja muli nalo, achimwene. Limenelo palibe angakulandeni."

Koma pakati pa botilo panali khoma la matabwa lodula chipinda chochezera pawiri, ndipo m'mbali mwa khomo lake munali kamzati kochokera pansi kufika kudenga. Cornelio ankaliyang'ana khomalo monga mlimi amayang'anira chitsa chili pakati pa munda. Tsiku lina a Manfred anamupeza akulilemba mizere ndi pensulo.

"Mizereyi ndi ya chiyani?"

"Khoma ili likuchoka. Ndikalichotsa, pabalaza pano pakhala anthu fotini."

"Tatulukani kaye, tikwere pamwamba."

Nthawi imeneyo mlongoti, mtengo wautali wachitsulo umene umanyamula matanga, unali utatsitsidwa, uli gone pambali pa boti. Padenga panali kambale kachitsulo kokha. A Manfred anakaponda ndi nsapato.

"Mlongoti umakhala apa. Mawaya amene amaugwira uku ndi uku akakokedwa, iwo umakankhira pansi ngati munsi mu mtondo. Mphepo ikawomba thanga, umakankha kuposa pamenepo. Pansi pa kambale aka pali chiyani?"

"Khoma lija."

"Basitu."

Cornelio anaseka pang'ono, osati mwachipongwe, koma monga munthu amene akuuzidwa za ntchito yake. "Akulu, ine makoma ndagwetsa ambiri m'tauni muno. Khoma lonyamula katundu limamveka ukaligogoda. Ili ndi pulayiwudi, kukhuthala kwake chala chimodzi. Ndipo sindingosiya choncho. Ndili ndi mtanda wa oki, mtengo wolimba wa kuno, umene anandipatsa kapitawo wathu titatseka. Ndiupingasa kudenga, ngati mmene timachitira pamwamba pa khomo lalikulu."

"Mtandawo ukhala pa chiyani?"

"Ndiumanga m'mbali ndi masikuluwu."

"M'mbali mwa boti ili ndi mopyapyala ngati chikho. Achimwene, nyumba imaima malo amodzi, katundu wake n'kukhala phee. Boti limapindika, limapuma, limamenyedwa uku ndi uku tsiku lonse. Ngati mukufuna malo, tiyeni tikulitse khomo pang'ono, kamzatiko tikasiye."

"Kamzati pakati pa balaza? Anthu aziyang'anana mozemba mtengo? Ayi, akulu. Ndadziwa kale mmene ndichitire."

Khomalo analigwetsa sabata yotsatira, a Manfred atatumidwa kukagwira ntchito kudoko lina. Mtanda wa oki unakwera kudenga, wopalidwa bwino, wonyezimira. Chakutsogolo anamanga khoma lina lopepuka lotchinga chipinda chogona, ndipo pamenepo anaikapo chitseko chimene anachipanga ndi mtima wake wonse: cha oki, cha mahinjesi atatu, chotsekeka ndi chala chimodzi.

M'chipinda chogonamo munali kachitseko kena padenga, pamwamba penipeni pa bedi. Mvula ikagwa kankadontha. Annie anali ndi chifuwa chosamva mankhwala chaka chimenecho, ndipo Cornelio sanafune kuti azigona ponyowa. Anakamata ndi guluu, n'kukakhoma masikuluwu, kenaka n'kuyala timatabwa tokongola kudenga konse, moti sukanadziwa kuti panali kachitseko.

A Manfred atabwerako anaima pakati pa balaza latsopanolo, chipewa chili m'manja, ngati munthu wolowa pa siwa. Analowa kuchipinda, nayang'ana kudenga.

"Khomo lachiwiri lija lapita kuti?"

"Linkadontha."

"Likadontha timasintha labala wake. Ndili naye mu shedi, ndikanakupatsani ulere. Limene lija ndi lothawira."

"Nyumba yanji yokhala ndi khomo padenga? Ife si akadzidzi."

"Ndiye mundikhululukire," anatero a Manfred. "Tsiku loimika mlongoti mupeze ena. Manja anga sakhudzapo."

Anapezeka ena, anthu a kireni amene ntchito yawo inali kukweza ndi kumanga basi. Kumapeto kwa Meyi boti linatsikira m'madzi, mlongoti uli njo, mawaya atakungika. Cornelio ndi Annie anabweza makiyi a ku Santry. Katundu amene sanakwane m'boti anagawira anzawo. Kuyambira tsiku limenelo analibe kwina kopita.

Lamlungu loyamba la Juni mphakati unabwera. Anthu anatsika masitepe mmodzimmodzi, amayi atagwira zitenje, akuseka ndi mantha. Onse anakhala pansi, ndipo malo anatsalako. Bambo Dominiko, wansembe wa ku Malawi amene ankatumikira parishi ina mumzindamo, anawaza madzi odalitsa m'makona monse, nayang'ana mtanda wa oki uja n'kunena kuti Yosefe woyera akanakondwa nawo. Mayi Towera a ku Ongar, dera lina la mumzindamo, anasisita chitseko cha kuchipinda n'kuuza amuna awo kuti aone zimene amuna anzawo amachita ndi manja. Cornelio anangoti zikomo, koma mumtima munali mukuvina.

Alendo atapita, Annie anafuna kulowa kuchipinda. Chitseko chinakana. Anakankha ndi phewa, chinatseguka movutikira.

"Chafufuma ndi chinyezi," anatero Cornelio. "Dziko lino n'lonyowa."

Anachichotsa, nachipala pamwamba ndi puleni, n'kuchibwezera. Chinayambanso kutsekeka ndi chala chimodzi. Patapita masiku asanu chinagwiranso. Anachipalanso.

Annie anakumana ndi a Manfred pa geti la doko akuchokera kuntchito, ndipo pocheza anatchula za chitsekocho. Mkuluyo anaima. Anapita ku shedi, nabwera ndi kandodo, n'kutsika naye m'boti. Cornelio kunalibe. Anakadula kandodoko mpaka kanakwana ndendende kuchokera pansi kufika pa mtanda wa oki.

"Mlongo wanga, chitseko sichikufufuma. Denga ndi limene likutsika. Kandodo aka mukasunge. Sabata ikatha mudzayese kukaimikanso pomwepa. Kakadzakana kulowa, musadzalole kuti boti ili lituluke padoko."

Sabata itatha kandodoko kanakana. Annie anayesa mopendeketsa, kanakanabe. Anamuonetsa mwamuna wake.

"Ndi pansi pamene pafufuma," anatero Cornelio.

"Chitseko chafufuma, pansi pafufuma. Nanga zonse zingofufuma, abambo a Joy? Bwanji osangowaitana a Manfred adzaone?"

"Akuluwo akufuna kuti mawu awo apherezere. Ine thabwa ndimalidziwa kuyambira ndili ndi zaka fifitini."

Kunena zoona, chinachake chinamugunda mumtima ataona kandodoko. Koma kuvomera kukanatanthauza kubwezera kamzati pakati pa balaza limene mphakati wonse unaliyamikira, n'kupita kwa a Manfred chipewa chili m'manja. Anakathyola pabondo, n'kukaponya m'bokosi la nkhuni za mbaula. Tsiku lomwelo anapala chitseko kachitatu.

Kuyendetsa boti anali ataphunzirako masiku angapo kwa mphunzitsi wa padokopo, pa boti la sukulu, ndipo lawoli anali atalitulutsa kawiri ndi injini yokha, nyanja ili bata. Tsopano anafuna kuliyesa ndi matanga, ulendo wa tsiku limodzi wozungulira phiri la Howth mpaka ku doko la Dún Laoghaire, monga chiyambi cha ulendo wautali uja. Anasankha Loweruka limene Annie sankapita kuntchito, limenenso a Manfred sankabwera pabwalo. Annie anakana kawiri. Kachitatu anaona kuti mwamunayo apita ndithu ngakhale yekha, ndipo anavala jekete yoyandamitsa.

M'mawa kunacha bwino. Matanga anakhuta kamphepo kofatsa, boti n'kumang'amba madzi mwakachetechete, ndipo Cornelio anamva chimwemwe chimene anali atachiiwala chitsekereni kampani. Koma atayandikira phiri la Howth, dzuwa litapendeka pang'ono, mphepo inalimba ndipo mafunde anayamba kutumphatumpha. Annie anachita nseru. Anatsikira m'kati kukagona, natseka chitseko kuti chisamamenyeke.

Cornelio anatsala yekha pa chiwongolero. Boti linapendekeka, ndipo anaona kuti mawaya a mbali ya kumunsi akulendewera ngati zingwe zoyanikira zovala. Anali asanamvetse tanthauzo lake pamene anamva kulira kwa thabwa pansi pa mapazi ake. Kulira kumeneko ankakudziwa. Ndi mmene limalirira thabwa masikuluwu akamazuka.

Anasuzumira m'kati. Mtanda wa oki sunathyoke, pakuti unali mtengo wabwino. Unangozuka mbali imodzi pamodzi ndi masikuluwu ake, n'kulendewera. Denga linali litafwamphuka ngati dengu loti munthu wakhalira, ndipo pamene panali kambale kachitsulo panang'ambika. Funde lililonse lokwera pamwamba linkathira madzi pabalaza.

Kuchipinda kunamveka kugogoda.

"Abambo a Joy, chitseko."

Anamasula zingwe za matanga, naitana opulumutsa anthu pa wailesi monga anaphunzitsidwira, n'kudumphira m'kati. Anagwira chogwirira. Chitseko sichinasunthe. Anakankha ndi phewa, anamenya ndi phazi. Denga lonse linali litachikhalira.

"Kokani kumeneko, ine ndikukankha."

"Ndikukoka. Madzi akulowa pansi pa chitseko." Mawu a Annie anali odekha, ndipo kudekha kumeneko kunamupweteka kuposa kukuwa. Kenaka anati, "Kachitseko ka padenga kaja kanali pati?"

Cornelio ankadziwa pamene kanali. Ankadziwanso guluu amene anagwiritsa ntchito, ndi kutalika kwa masikuluwu, ndi mmene analumikizira timatabwa tija kuti pasapezeke polowa ngakhale nsonga ya mpeni.

Anatsegula thumba lachikopa, natenga tchizulo chachikulu ndi hamala. Akanakhala mmisiri waulesi, chitseko chija chikanagwa ndi chidendene chimodzi. Koma anachipanga iye mwini, cha oki, cha mahinjesi atatu, ndipo tsopano luso lake lomwe linaima pakati pa iye ndi mkazi wake. Anagwada m'madzi ozizira ofika m'mawondo, n'kuyamba kusema thabwa la m'munsi. Boti, lopanda woliwongolera, linatembenukira mbali ku mafunde n'kumagubuduka. Kunja kunamveka phokoso lalikulu, mlongoti ukugwera m'madzi, ndipo boti lonse linadzuka n'kugwanso. Kuchipinda chinachake cholemera chinagwa. Annie anabuula kamodzi, kenaka zii.

"Mayi a Joy. Annie."

Zaka makumi awiri anali asanamutchule dzina.

"Ndilipo," anayankha patapita nthawi. "Semani."

Anasema. Zipalapala za oki zinkayandama momuzungulira. Matchizulo amene ankawanola m'mawa uliwonse ku Santry, akusowa chowagwiritsira ntchito, anaipeza ntchito yake tsiku limenelo. Bowo litakula moti munthu n'kudutsa chokwawa, analowetsa manja n'kumukoka. Annie anatuluka dzanja lamanja lili lende, nkhope itayera ngati phulusa. Shelefu ya pamwamba pa bedi inali itazuka n'kumugwera paphewa. Anamukweza masitepe, nakhala naye panja atamukumbatira, mpaka boti la opulumutsa anthu linaonekera kuchokera ku Howth.

Kuchipatala anapeza kuti fupa la paphewa linathyoka pawiri. Adokotala anati papita miyezi asananyamule chinthu cholemera kuposa kapu, ndipo ntchito yodzutsa okalamba inaima pomwepo. Boti analikokera kudoko, n'kulikwezanso pa miyendo yachitsulo ija. Munthu wodziwa kuyeza maboti analiona, nati denga lang'ambika mpaka m'mbali, silingakhalenso nyumba ya munthu. Mayi Towera ndi amuna awo anasamutsa katundu m'kachipinda kawo kakang'ono ku Ongar, n'kuwauza kuti akhale mpaka zitawayendera.

Patapita sabata Cornelio anakwera basi kupita ku Malahide kukatenga zipangizo zake. Anapeza a Manfred ali m'botimo, akupopa madzi otsala. Anapatsana moni. Cornelio anayembekeza mawu, ndipo anali atakonzeka kuwalandira onse. Koma mkuluyo anangofunsa za phewa la Annie, n'kupitiriza kupopa. M'bokosi la nkhuni munali tizidutswa tiwiri ta kandodo kaja, titanyowa. Cornelio anatitola, natilumikiza pamene tinathyokera, n'kuyang'ana kudenga. Sikakanaima n'komwe pansi pa pamene panafwamphukapo.

"Akulu," anatero, "kodi kamzati kaja kakanakhalapo, pabalaza pakanakhala anthu angati?"

A Manfred anaganiza pang'ono. "Teni. Enawo akanakhala pamasitepe."

"Teni," anabwereza Cornelio. Anaika tizidutswato m'thumba lachikopa pamodzi ndi matchizulo.

Annie sanamudzudzule. Ku chipatala sananene kanthu, kwa a Towera sananene kanthu, ndipo polankhula ndi Joy pa foni anangoti anagwa. Koma Cornelio anaona kuti mkazi wake sankalowa m'kachipinda kaja popanda kutchinga chitseko ndi nsapato. Mphepo ikachikankha pang'ono, ankadzuka n'kukaima pakhonde, akupuma mofulumira ngati wathamanga.

Lamlungu lina masana, eni nyumba atapita ku mphakati, awiriwo anatsala okha. Annie anali atakhala pabedi, dzanja lili m'nsalu yolikoleka m'khosi, akuyang'ana chitsekocho.

"Abambo a Joy, ndawapempha a Towera, avomera. Chitseko ichi muchichotse."

"Ndingathe kuchiika kokowera kuti chizikhala chotsegula."

"Muchichotse."

Cornelio anatenga sikuludiraiva. Chinali chitseko chopepuka, cha m'kati mopanda kanthu, cha mtundu womwe anakhoma mazanamazana m'nyumba za ku Ongar komweko chuma chikadali bwino. Anamasula hinjesi ya m'munsi, kenaka ya pamwamba, n'kuchinyamula kukachitsamiritsa kukhoma la pakhonde. Atabwerera anapeza Annie atatsamira pilo, maso atatseka, akupuma bwino kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ija. Anakhala pansi pakhomo popanda chitsekopo, thumba la zipangizo lili pamiyendo, n'kumamudikirira.

Luso Cornelio anali nalo, ndipo palibe anamulanda. Chimene analibe ndi khutu, pakuti mmisiri wa pamtunda akafika pamadzi amakhala wophunzira ngati wina aliyense. Anauzidwa ndi munthu, anauzidwa ndi kandodo, chitseko chake chomwe chinamuuza katatu, ndipo katatu konseko anachiyankha ndi puleni. Za anthu ngati iye akale anasiya mawu aja, kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.